Zimene tinapeza titasenda kapeti ya mukolido

Nyumba yathu ya ku Leicester tinaigula chifukwa cha mtengo, osati kukongola. Ndi imodzi mwa nyumba zogundizana zija za njerwa zofiira, zondandalika kuchokera koyambira msewu mpaka kothera, khoma lako ndi la mnansi limodzi, moti iye akayetsemula iwe umamva. Ukatsegula chitseko cha kumaso umalowa mukolido yopapatiza, mita imodzi m'lifupi, mamita ngati asanu kukafika pa masitepe okwerera zipinda za pamwamba. M'menemo munali kapeti yabulawuni yonunkha galu ndi chinyezi. Tsiku lolandira makiyi ndinauza bambo a kunyumba kuti ine sindigona muno kapetiyi isanatuluke.

Tinaisenda Loweruka m'mawa. Pansi pake panali siponji yofumbwa, pansi pa siponjiyo matailosi otuwa a pulasitiki, ndipo pansi pa amenewo phula lakuda bii lomwe anawamatira nalo. Pafupi ndi chitseko imodzi inali itamatuka kale. Ndinatenga mpeni wodyera n'kuyamba kupala phulalo, mwachidwi chabe. Panaoneka kofiira. Ndinapalanso pambali pake, panatuluka kakuda, kenako kachikasu kotuwirako ngati phala la mgaiwa. Tinali timatailosi ting'onoting'ono ta dongo, tina ta makona atatu, tina ta makona anayi, togundana mwakuti chikhadabo sichikanalowa pakati pake. Ndinakhala pansi pomwepo, mpeni uli m'manja.

Alamu anga, omwe anabwera kudzatithandiza kusamuka, anasuzumira kamodzi n'kunena kuti, "Mlamu, musadzivutitse ndi zakale izi. Tigule matumba awiri a simenti yosalaza ija, tithire, pamwamba tiyale laminate. Mawa madzulo tikhala tikumwa tiyi." Bambo a kunyumba anagwedeza mutu movomereza. Ngongole ya nyumba inali itangoyamba, ine ndimagwira ntchito usiku kumalo osamalirako okalamba, iwo amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Maganizo a alamu anali anzeru ndithu, ndipo sindiwanyoza. Koma mtima wanga unakana.

Amene anatiimitsa manja tsiku lomwelo anali mayi wina wachikulire wa khomo loyandikana nalo. Anaona matailosi a pulasitiki aja pakhomo n'kutifunsa ngati tawayezetsa. Sitinadziwe kuti akunena chiyani. Matailosi akale oterewa, pamodzi ndi phula lowamatira, ambiri ankawasakaniza ndi asbestos, chinthu chomwe fumbi lake likalowa m'mapapo limadzabala matenda patapita zaka zambirimbiri, kuphatikizapo khansa. Kuno ku Britain anachiletseratu mu 1999, ndiye nyumba iliyonse yomwe inakonzedwapo chakacho chisanafike ikhoza kukhala nacho. Tinatumiza kachidutswa ka tailosi ndi ka phula kokayezetsa. M'matailosi anachipeza, m'phula ayi. Tinalipira anthu odziwa kuti adzawachotse, ndalama yomwe sitinaiwerengere. Aliyense wokhala m'nyumba yakale kuno amve ichi asanamve china chilichonse m'nkhani ino: osathyola, osapala, osakhula ndi makina chinthu chimene simunayezetse. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulidyadi.

Atachotsa zonse, chomwe chinatsala sichinali chosangalatsa kuchiona. Phula linali mawangamawanga paliponse. M'mbali monse munali timabowo ta misomali ya timatabwa togwira kapeti, tailosi iliyonse yokhomedwa msomali itang'aluka. Madontho a penti ya mitundu itatu anali mphepete mwa khoma. Ndipo chapakati penipeni panadutsa mzere wa konkire wonga njira ya mbewa, mulifupi mwake ngati phazi limodzi, kuchokera khoma ili kukafika ilo. Komabe maonekedwe ake ankaoneka: mkombero wa mizere yakuda ndi yofiira kuzungulira m'mbali, pakati nyenyezi za makona atatu zobwerezabwereza, ndipo pamtima pa nyenyezi zina tailosi yokulirapo yokhala ndi duwa loyera pa buluu.

Ndinayamba kuwerenga za zinthuzi nthawi yopuma kuntchito, 3 koloko usiku, okalamba anga ali m'tulo. Matailosi a mukolido yathu ndi a mitundu iwiri. Ang'onoang'ono aja amawatcha geometric. Alibe penti kapena galasi pamwamba. Wofiira ndi wofiira mpaka pansi, chifukwa mtundu wake ndi wa dongo lenilenilo likapsa. Amaluwa aja ndiwo encaustic, ndipo mapangidwe ake ndi omwe anandigwira mtima. Duwalo silojambula. Ankadinda dongo lofewa m'chikombole chosiya maenje a duwa, n'kuthira m'maenjemo dongo lamadzimadzi la mtundu wina, likauma n'kupala pamwamba mpaka duwa litatuluka, kenako n'kuwotcha. Choncho duwa limalowa mkati mwa tailosi, ndipo mapazi a anthu angaliperese zaka 100 osalifufuta.

Luso limeneli ndi lakale. M'zaka za m'ma 1200 matchalitchi ndi nyumba za amonke ku England zinali kale ndi matailosi otere, koma linazilala Mfumu Henry VIII itatseka nyumba za amonkezo m'zaka za m'ma 1530. Linadzukanso patapita zaka pafupifupi 300. Mu 1830 Samuel Wright wa ku Shelton analembetsa njira yowapangira, ndipo Herbert Minton wa ku Stoke-on-Trent anaitenga n'kulimbana nayo zaka zingapo, matailosi akumupindikira ndi kumung'alukira m'ng'anjo, mpaka anaigonjetsa. Mu 1840 Richard Prosser wa ku Birmingham anapeza njira yopanikiza fumbi la dongo ndi makina. Iye ankafuna kupanga mabatani a zovala, koma Minton anaona kuti chomwe chingaumbe batani chingaumbenso tailosi, mwachangu ndiponso mofanana. Matailosi a Minton, ojambulidwa ndi Augustus Pugin, ndiwo anayalidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Westminster. Ena anawoloka nyanja kukayalidwa ku Capitol, Nyumba ya Malamulo ya America, ku Washington. Ku St George's Hall ku Liverpool alipo pafupifupi 30,000, ndipo nthawi zambiri amakhala ovundikiridwa ndi matabwa, n'kumawatsegula mwa apo ndi apo kuti anthu adzaone.

Zimene zinayambira kwa mafumu ndi mabishopu zinatsika mtengo mpaka kufika m'misewu ngati wathu, momwe munkakhala anthu ogwira ntchito m'mafakitale a masokosi ndi nsapato. Mapepala a nyumba yathu amasonyeza kuti inamangidwa m'zaka za m'ma 1890, kumapeto kwa ufumu wa Victoria, nthawi yomwe tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomwe chinatha mu 1891, chinali chikadanunkha laimu. Omanga ankayala matailosi okongola pomwe mlendo aponde poyamba, panjira ya kuchitseko ndi mukolido. Kukhitchini ankaika ofiira wamba, m'zipinda matabwa. Ndinaseka nditazindikira zimenezi, chifukwa ndi ife tomwe: mbale zagalasi m'kabati ya pabalaza, zamalata kuseri. Panalinso chifukwa china. Misewu inali ya matope, ndowe za akavalo ndi mwaye wa malasha, ndiye pakhomo pankafunika poti n'kukolopa.

Kukolopako ndiye komwe ndinalakwira. Ine ndinakulira m'nyumba ya simenti yofiira, ndipo Loweruka lililonse amayi ankatigwaditsa: madzi a sopo ndowa ziwiri, chikolopa, kenako Cobra, kenako kupukuta ndi chisanza mpaka uone nkhope yako pakhonde. Kwa ine pansi posawala ndi pansi pa munthu waulesi. Ndiye ndinachita zomwe manja anga amadziwa. Ndinakhuthulira madzi mukolido monse, kawiri, katatu. Phula silinasunthe. Ndinapita kusitolo ya zomangira n'kugula asidi wotsukira njerwa, ndikuyesa pakona ina. Panachita thovu, ndinasangalala. Patatha masiku atatu pakonapo panali potuwa ndi pokhakhala, timipata ta pakati pa matailosi titadyeka, ndipo pansi ponse patamera zoyera ngati wina wawazapo ufa woyera. Chitini cha polishi wofiira chomwe mnzanga anandibweretsera kuchokera kumudzi chinali pawindo, chikudikira nthawi yake.

Mayi woyandikana naye uja ndi amene anandipezera mmisiri, bambo wa zaka zoposa 70 amene anayala matailosi moyo wake wonse mpaka mawondo anamukana. Ankanditchula "me duck", monga amachitira anthu a kuno, ndipo zinanditengera nthawi kuvomereza kuti munthu akakutcha bakha sakukunyoza. Ine pakhomo pathu ndinkangoti achikulire. Analowa, anayang'ana pakona ya asidi paja, anandiyang'ana ine, sananene kanthu. Anaona chitini pawindo, anachitsegula, ananunkhiza, n'kumwetulira. Anati amayi awo nawonso ankapaka polishi wofiira wotchedwa Cardinal pa sitepe ya pakhomo sabata iliyonse, kuti anansi asawanene. "Koma muno ayi," anatero. "Pansi pano pamapuma. Mukapatseka mphuno, khoma ndi lomwe lidzadwale."

Tinagwirizana kuti iwo azibwera kawiri pa sabata, azikhala pampando n'kumaloza, ine ndizigwada. Povuta penipeni azigwira okha.

Ntchito yoyamba inali kumvetsera. Anandipatsa sikuludiraiva kuti ndizigogoda tailosi iliyonse ndi chigwiriro chake. Yogwira bwino imalira mouma, yomatuka imalira mwa mphako. Aliyense amene anagulapo mtsuko pamsika akudziwa zimenezi; sunyamula usanaugogode. Yolira mphako ndinkaiika chizindikiro ndi choko. Achikulire anandichenjeza kuti si yonse ya mphako yofunika kuzula. Ngati sikugwedera, anzake aigwira m'mbali, isiyeni. Timatailosi timeneti timagwirana tokhatokha, ndipo ukazula kamodzi mosasamala, anayi oyandikana nako amadzuka, anayiwo n'kudzutsa ena, mpaka wapezeka wafukula kolido yonse. Tisanazule kalikonse tinajambula zithunzi chigawo ndi chigawo, ndipo zozulidwa tinkaziyala pa thabwa monga momwe zinakhalira pansi.

Pamalo pomwe tinazula ndi pomwe ndinamvetsa za kupuma kuja. Pansi pa tailosi panali kasimenti kopyapyala. Pansi pake laimu wosakaniza ndi mchenga, wofewa moti chala chinkakanda. Pansi pa laimuyo zidutswa za njerwa ndi phulusa la malasha, kenako dothi. Pepala la pulasitiki lotchinga chinyezi, lomwe nyumba za masiku ano zimakhala nalo, panalibe. Chinyezi cha m'nthaka chimakwera pang'onopang'ono, kudutsa mu laimu, m'timipata ndi m'dongo la matailosi, n'kuuluka osaoneka. Bola njira ikhale yotsegula, pansi pamakhala pouma. Ukavundikira ndi pulasitiki, phula, kapeti ya labala kunsi, kapena polishi wokhuthala, chinyezicho chimasowa kolowera n'kukhotera m'mbali, kukanyowetsa khoma ndi kuoletsa matabwa. Fungo lija tinkanamizira galu yekha, theka lake linali limeneli.

Ndinakumbuka nyumba ya agogo yozira ndi tsiro. Mkeka unkakhala pansi chaka chonse popanda vuto. Koma tsiku lina wina anabweretsa kapeti ya pulasitiki ya maluwa kuchokera m'tauni, ndipo titaitukula dzinja litatha kunsi kwake kunali thukuta ndi nkhungu. Agogo anaitaya kunja n'kuziranso. Nditawafotokozera achikulire, anati agogo anga akanatha kuwalemba ntchito.

Zoyera zija zinali mchere wa m'nthaka ndi m'laimu. Madzi anga aja analowa pansi, anausungunula, ndipo pouma anautulutsira pamwamba. Mankhwala ake ndi osavuta koma otopetsa mtima: kusesa ndi bulashi youma, kudikira, kusesanso. Ukautsuka ndi madzi umangoubwezera pansi kuti udzatulukenso. Asidi wa njerwa uja, yemwe ndi hydrochloric, amadya laimu ndi simenti ya m'timipata n'kukhakhalitsa nkhope ya tailosi kuti izigwira litsiro. Amisiri akafuna kuchotsa zotsalira za simenti amagwiritsa asidi wofatsa, pang'ono, pamalo pochepa, n'kutsukuluza msanga. Pakona panga paja mpaka lero ndi potuwirapo. Ndinaikapo choikamo maambulera.

Mzere wa konkire uja ndi chilonda chomwe makolido ambiri otere ali nacho. Nyumba zimenezi poyamba zinkafunda ndi moto wa malasha m'chipinda chilichonse. Mapaipi a madzi otentha atayamba kufala m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, oika mapaipi ankangodula ngalande modutsa, kuyala paipi, kuthira konkire, poti pamwamba pabwera kapeti. Nthawi imeneyo zinthu za m'masiku a Victoria anthu ankaziona ngati zachikale zochititsa manyazi. Sindiwaweruza kwambiri, nafenso tagwetsa nyumba zingati za makonde ozungulira kuti timange mabokosi a magalasi? Konkireyo tinaiswa ndi tchizulo ndi hamala, osati makina ogwedeza, chifukwa kunjenjemera kukanamatula matailosi a mbali zonse. Tinkamenya cholowera mkati mwa ngalande, kutalikirana ndi matailosi abwino. Zinatenga Loweruka atatu. Paipi tinaipeza ya kopa, yokwiriridwa yopanda chokutira, itayamba kubiriwira. Tinaitana pulambala kudzaika ina yovekedwa bwino, ndipo ngalandeyo tinadzaza ndi laimu wa mtundu wouma ngakhale pachinyezi, wolembedwa NHL 3.5 pathumba, wosakaniza ndi mchenga wokhakhala. Laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndiye woopsa, choncho magolovesi ndi magalasi osavula. Akakhala pansi safuna phuma. Tinaika thabwa lowolokera n'kumadumpha milungu ingapo, ana akusangalala ngati ndi masewera.

Kenako kunabwera kusaka. Apa ndi pomwe ntchitoyi imasanduka matenda, ndipo ndikuvomera kuti ndinadwala. Matailosi akale anawapanga poyeza mainchesi. Wa mainchesi 6 ndi mamilimita 152 ndi kanthu, pomwe ambiri a masiku ano ndi 150. Mamilimita awiri ndi kanthu amaoneka ngati palibe, koma ukandandalika 20 wataya pafupifupi masentimita asanu, ndipo nyenyezi sizikumananso nsonga ndi nsonga. Akale ndi ochindikalanso, ngati theka la inchi, atsopano opyapyalako, ndiye pansi pake pamafunika kukweza. Mtundu nawo ndi nkhani ina. Wakuda watsopano ndi wakuda kwambiri, wofiira ndi wofanana paliponse, pomwe akale aliyense anapsa mwakemwake malinga ndi pomwe anakhala m'ng'anjo.

Oyamba tinaba m'nyumba mwathu momwe. Kunsi kwa masitepe, m'kakabati ka mita ya magetsi, matailosi anapitirira mpaka kukhoma komwe palibe amaona. Tinawazula mosamala n'kuikamo wamba. Ena ndinagula pa eBay, kathumba kamodzi kanabwera ndi achikasu owala kwambiri, ndalama n'kupita. Ena kumalo ogulitsa zogumula m'nyumba zakale, komwe umafukula m'mabokosi ngati pa kaunjika. Koma mwayi weniweni unali mumsewu mwathu momwe. Ndikuchokera kuntchito m'mawa wina ndinaona chibini chachikulu cha zinyalala za omanga pakhomo lina, pamwamba pake pali timakona tatatu tofiira ndi takuda. Nyumba za mzere umodzi kawirikawiri anamanga munthu mmodzi, ndi katundu wogula kumodzi. Ndinagogoda, ndili ndi yunifolomu, n'kupempha zinyalala. Mnyamata womanga anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anandithandiza kudzaza zikwama ziwiri za kusitolo. Kunyumba bambo anangoti, "Mayi, ndiye tafika potola m'mabini?" Madzulo ake anali iwo akuzisankha ndi kuziika m'magulu.

Tailosi yakale imabwera ndi simenti kumsana, ndipo imafunika kuipala kuti ikhale bwino. Zimenezi, pamodzi ndi kudula, tinkachitira panja, ndi madzi, titavala masiki ya FFP3, chifukwa fumbi la dongo lowotcha ndi simenti lili ndi silica yemwe amaumitsa mapapo. Achikulire ankatsokomola chifuwa chouma chomwe ankati ndi malipiro a zaka zomwe ankadula opanda chotchinga.

Imodzi mwa zamaluwa zija inali yogwedera, ndipo titaitukula kumsana kwake kunali dzina: Maw & Co, ndi mawu oti Jackfield. Kampani imeneyi inayambira ku Worcester, inasamukira dera la Broseley ku Shropshire mu 1852, kenako mu 1883 inatsegula fakitale ku Jackfield yomwe inali yaikulu kuposa ina iliyonse ya matailosi padziko lonse. Tsiku lina lopuma tinakwera galimoto ndi ana kupita komweko. Ndi kamudzi ka m'mphepete mwa mtsinje wa Severn, pafupi ndi mlatho wachitsulo wa 1779 womwe unapatsa dera la Ironbridge dzina. Fakitale yakale ya Craven Dunnill ndiyo inasanduka Jackfield Tile Museum, ndipo mbali ina ya nyumba zomwezo akupangabe matailosi a encaustic pamanja. Ndi iwo anapanga olowa m'malo mwa operepeseka a ku Westminster. Ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana mabuku akale osonyeza mitundu ya mayalidwe, momwe womanga ankangosankha nambala. Ana ankafuna ayisikilimu.

Zamaluwa zathu ziwiri zinali zong'aluka pakati. Kupangitsa zatsopano zofanana n'kotheka, koma pamafunika kusema chikombole chake, ndipo mtengo wake si wa munthu wolipira ngongole ya nyumba. Achikulire anati ngakhale ndikanakhala nazo ndalamazo sakanandilola. Tinazitukula, tinalumikiza zidutswa ndi guluu wolimba, n'kuzibwezera. Mng'alu umaoneka ngati tsitsi limodzi.

Kuyala kwenikweni anagwira okha, atagwada pa pilo, akubuula. Choyamba anayala zonse pouma, popanda chomatira, kuti aone ngati mizere ikukumana. Sanayambire kukhoma, poti makoma a nyumba zimenezi sawongoka. Anakoka chingwe kutsata mzere wa nyenyezi zakale mbali iyi ndi iyo ya ngalande, n'kulola zakalezo kulamula. Zotola mumsewu anaziika pakati pomwe diso limagwera, zatsopano zochepa zomwe tinagula anazibisa m'mbali mwa khoma momwe muli mthunzi. Akaika zingapo ankasanjika kathabwa kosalala pamwamba n'kumenya pang'onopang'ono kuti zonse zifanane msinkhu ndi zakale, kenako n'kuyendetsa chikhatho atatsinzina. Amati chala chimaona bwino kuposa diso. Mipata anasiya yopyapyala ngati yakale, n'kuthiramo simenti yamadzimadzi yotuwa, osati yoyera. Yoyera, anati, imasandutsa kolido kukhala bafa.

Kutsuka kunali kwanga, ndipo kunatenga nthawi kuposa zonse. Phula ndinkalipala ndi kampeni kathyathyathya, kogoneka, kachigawo kangati chikhatho nthawi imodzi, lotsalira n'kulifewetsa ndi mankhwala osungunula phula, mazenera ndi chitseko zili pululu. Kunsi kwa phula kunali litsiro lina lakale kwambiri, mafuta a linseed ndi sera zomwe amayi a m'nyumba muno ankapaka kalelo, zitada n'kuuma. Zimenezo zimachoka ndi sopo wamphamvu wa alkaline: kupaka, kusiya mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu osalola kuti aume, kukwecha ndi kasiponji kokhakhala ka pulasitiki, n'kuyamwa madzi akudawo nthawi yomweyo ndi makina oyamwa madzi omwe tinabwereka. Madzi ochepa, kuyamwa msanga. Waya wotsukira mapoto ndi bulashi yachitsulo ayi, chifukwa tizitsulo totsalira timachita dzimbiri m'dongo. Ndinkachita mita imodzi ndikaweruka, ndisanagone. Tsiku lomwe buluu woyamba anatuluka bwinobwino ndinaitana ana kuti adzaone ngati kwabadwa mwana.

Pali makampani omwe amabwera ndi makina a dayamondi n'kupera pansi ponse mpaka pakhale ngati pa sitolo. Pena zimafunikadi, ndipo odziwa amachita mopepuka. Koma ndaona zithunzi zina zomwe pansi pamatuluka posalala mopanda moyo, ndipo pa zamaluwa ukapera kwambiri ukudya duwa lomwe. Pakhomo pathu, pomwe phazi limatera ukangolowa, matailosi analowa pang'ono ngati mtondo wakale. Alamu anati tipakonze pafanane. Ndinakana. Pamenepo paponda anthu zaka zoposa 120, opita kufakitale m'bandakucha, obwera ndi makanda, onyamula maliro. Sindine woyamba m'nyumba muno ndipo ndinaona kuti si kwanga kufufuta.

Tisanapake chilichonse tinayenera kudikira kuti paume. Achikulire anandiphunzitsa kumata kapepala ka pulasitiki pansi ndi tepi usiku wonse. M'mawa ukapeza kunsi kwake kuli thukuta kapena tailosi yadera, nthawi sinakwane. Tinayamba ntchito mu Epulo, pepala linatuluka louma mu Seputembala. Pamenepo tinapaka mankhwala olowa m'dongo, osasiya chikopa pamwamba, omwe amaletsa madzi ndi mafuta kulowa koma nthunzi n'kumadutsa. Kupaka mopyapyala, kupukuta otsala asanaume, kubwerezanso mawa lake. Poyesa umadontheza madzi. Akaima ngati mkanda, zatheka. Mitundu inadzuka, wofiira anakhala ngati dothi la katondo mvula itangogwa. Koma kuwala kwa pakhonde la amayi kunalibe, ndipo sikudzakhalapo.

Masiku ano ndimasesa, n'kupukuta ndi chikolopa chofinya bwino ndi sopo wofatsa, basi. Bulitchi ndi viniga sizifika mukolido. Nyengo yozizira mchere umatulukabe pang'ono pafupi ndi chitseko, ndimausesa.

Titamaliza ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kutembenuza kamera, ndikuyenda pang'onopang'ono kuchokera kuchitseko mpaka kumasitepe. Anakhala chete, kenako anati, "Iwe, ndi zokongola ndithu, ngati chitenje. Koma wati mwamaliza? Nanga bwanji sipakuwala? Polishi uja sanakupatse?" Ndinayamba kufotokoza za laimu ndi chinyezi ndi kupuma, koma netiweki inayamba kudukaduka, ndipo ndinamva akuuza wina kumbali kuti mwana uja ku Ulaya wayamba ulesi.

Loweruka lotsatira ndinatsegula chitini chija. Sitepe ya panja pa chitseko chathu ndi ya konkire wamba, yomwe wina anaika m'malo mwa mwala wakale, ndipo achikulire anati imeneyo ndichite nayo zomwe ndikufuna. Ndinagwada pamsewu, ndinapaka, ndinadikira, ndinapukuta ndi chisanza mpaka mkono unawawa. Mayi woyandikana naye anatuluka ndi kapu ya tiyi, anaima n'kumayang'ana, ndipo anati fungo limenelo analimva komaliza ali kamtsikana. Ndinajambula sitepeyo n'kutumiza kumudzi. Yankho linabwera madzulo, mawu ojambula a masekondi anayi: "Eya. Apo ndiye pakhomo pa munthu."